MADZI ODYA SOPO M'MAKOMO A KU BLANTYRE

Anthu ambiri a kumidzi ali ndi abale awo ku Blantyre. Ena akhala ku Ndirande, ena ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, ndipo supita mwezi wopanda mlendo wochokera kumudzi, kaya wadzera chipatala, kaya maliro, kaya wangobwera kudzaona zidzukulu. Alendo otere pobwerera kwawo kawirikawiri asimba za madzi. Wina ati tiyi wa m'tauni sakoma ngati wa kumudzi. Wina ati anachapa nsalu yake ndi sopo wambiri koma thovu linali lochepa. Wina anasuzumira m'ketulo ya mpongozi wake napezamo zoyera zokangamira pansi ngati nkhoko za mumphika wa nsima, ndipo kuyambira tsiku lomwelo anakana madzi a pampopi, nati eni madzi athiramo ufa wosadziwika.

Dandaulo lomweli limvekanso kumidzi pamene mjigo watsopano wakumbidwa. Amayi atunga masiku oyamba ndi chimwemwe, koma akaona kuti madziwo atha sopo ndi kuchedwetsa nyemba, ena abwerera kudambo kapena kuchitsime chosavundikira kumene ankatunga kale. M'tauni namonso alipo amene asiya mpopi natsikira ku Nasolo, ku Mudi kapena ku Naperi. Apa ndi pamene nkhani ya sopo isanduka nkhani ya moyo, pakuti madzi odya sopo aononga ndalama zokha, koma madzi a m'mitsinje imeneyi aononga anthu.

Kodi Zoyerazo Zichokera Kuti?

Madzi a mvula pogwa kuchokera kumwamba ali opanda kanthu kambiri m'kati mwake. Nchifukwa chake kachidutswa kakang'ono ka sopo kachita thovu lodzaza beseni pochapa ndi madzi a mvula. Koma pogwa, ndiponso polowa m'nthaka, madziwo amwa mpweya uja umene anthu ndi nyama atulutsa popuma, umenenso utuluka m'masamba ndi m'mizu yowola. Mpweya umenewu uwapatsa madzi kuwawasa pang'ono, kosamveka ndi lilime, koma kokwanira kusungunula miyala ina pang'onopang'ono.

Umodzi mwa miyala yosungunuka msanga ndiwo wa njereza, umene ena autcha laimu. Anthu a ku Balaka audziwa bwino, pakuti ku mapiri a Chenkumbi akhala akuukumba ndi kuuotcha kwa zaka zambiri kuti apeze njereza yopaka m'nyumba. Ku Changalume, kufupi ndi Zomba, nkumene kale ankakumba mwala womwewu wopangira simenti. M'mwala umenewu, ndi m'miyala inanso yambiri, muli zinthu ziwiri zimene a sayansi azitcha kashiamu ndi maginiziyamu. Zikasungunuka m'madzi sizioneka konse, monga momwe shuga saoneka m'tiyi. Madziwo angakhale oyera mbee, koma ali atanyamula njereza yawo.

Tsono madzi amene akhala nthawi yaitali pansi pa nthaka, akuyenda m'ming'alu ya miyala, anyamula zambiri kuposa madzi othamanga pamwamba. Ichi ndicho chifukwa chake mijigo yambiri idya sopo kuposa mitsinje. Ndiponso mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ingathe kusiyana kwambiri, chifukwa wina waboola mwala wa mtundu wina, winanso mwala wina.

Oyesa madzi awerenga kuchuluka kwa njereza m'lita imodzi. Ikachepera mamiligalamu 60, madziwo ati ndi ofewa. Kuyambira 60 kufika 120 ndi apakatikati. Kuyambira 120 kufika 180 ndi odya sopo, ndipo kupitirira 180 ndi odya sopo kwambiri. Kuti munthu amvetse bwino, aganize za ndowa ya malita 20 yodzaza ndi madzi a mamiligalamu 200 pa lita: m'ndowa yonseyo muli njereza yolemera magalamu 4 okha, ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Nzochepa ndithu. Koma ketulo imene iphitsa malita 3 a madzi otere tsiku ndi tsiku, ngakhale theka lokha la njerezayo litatsalira m'katimo, pakutha pa chaka isonkhanitsa magalamu oposa 100. Zimenezi ndizo mlendo uja anaziona nazitcha ufa.

Kumene Blantyre Atunga

Mzinda wa Blantyre unamangidwa pamtunda, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo timitsinje take ndi tating'ono. Bungwe logawa madzi la Blantyre Water Board linakhazikitsidwa m'chaka cha 1929, anthu akali ochepa. M'zaka za m'ma 1950 anamanga damu la Mudi m'munsi mwa phiri la Ndirande, koma posakhalitsa linachepa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 anapita ku mtsinje wa Shire, pamalo otchedwa Walker's Ferry, pafupifupi makilomita 40 kuchokera mumzinda. Kumeneko ndiko kuchokera madzi ambiri a Blantyre kufikira lero, pamene anthu a mumzindawu anapitirira 800,000 pa kalembera wa 2018.

Madzi amenewa sayenda okha. Shire ali pansi, Blantyre ali pamwamba, ndipo makina ayenera kuwakankha kukwera mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka kumene kuli makina ena owalandira ndi kuwakankhanso, mpaka kufika m'mathanki akuluakulu a mumzinda. Ntchito imeneyi idya magetsi ochuluka zedi. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, mipopi nayo iuma, makamaka m'makomo a m'mapiri kumene madzi afika pomalizira. Munthu woona mayi wa ku Bangwe atadzuka usiku kukaika zigubu zake pamzere ku kiyosiki ayenera kukumbuka ulendo wautali umene madziwo ayenda.

Shire atuluka m'nyanja ya Malawi, ndipo madzi a m'nyanjayi ali m'gulu lija la pakatikati: si ofewa ngati a mvula, komanso sali odya sopo kwambiri. Ku Walker's Ferry awatsuka powadikhitsa kuti matope atsike pansi, powasefa mumchenga, ndi powathira klorini wopha tizirombo ta matenda. Kutsuka kotere kuchotsa matope ndi tizirombo, koma zosungunuka zija zipitirira nawo madziwo mpaka kumpopi. Si kulephera kwa otsuka madzi ayi. Ntchito yawo yaikulu ndiyo kupha matenda, ndipo njereza si matenda.

Damu la Mudi lipereka gawo laling'ono. Ilo lasauka ndi vuto lina, pakuti nkhalango ya paphiri la Ndirande inadulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira apo mvula ikokolola dothi kulowa m'damumo. M'chaka cha 2019 anatsegula njira yachitatu yotenga madzi ku mtsinje wa Likhubula paphiri la Mulanje, ndi ngongole yochokera ku India. Awatsukira ku Nguludi, ndipo athandiza mbali ya kum'mawa kwa mzinda, monga Bangwe ndi Limbe. Likhubula ameneyu asasokonezedwe ndi Likhubula wina woyenda mu Blantyre momwemo chakufupi ndi Chilomoni. Dzina ndi limodzi, koma madzi ake ndi osiyana kutalitali. Miyala ya Mulanje ndi yolimba, yosasungunuka msanga, chotero madzi otsika paphiripo ndi ofewa. Banja losamuka kuchoka mbali ina ya mzinda kunka mbali ina lingathe kuona kuti mtanda wa sopo wayamba kukhalitsa kapena kutha msanga, chikhalirecho mpopi ndi wa bungwe limodzimodzi.

Komabe si onse a m'makomo amene amwa madzi a bungweli. Ku Machinjiri ndi kumalire ena a mzinda, kumene nyumba zamangidwa mofulumira kuposa mapaipi, ambiri adalira mijigo ndi zitsime. Ambiri mwa madandaulo aakulu a thovu losowa achokera kumeneko.

Zimene Madzi Otere Achita M'nyumba

Choyamba ndi sopo. Sopo wa mtanda apangidwa ndi mafuta, ndipo akakumana ndi kashiamu wa m'madzi ziwirizo zigwirana nkupanga zinthu zotuwa zonanda zosasungunuka. Ndizo zija ziyandama pamwamba pa beseni ndi kusiya mkombero wa litsiro m'mbali mwa bafa. Thovu silingabwere kufikira kashiamu yense wa m'besenimo atagwirana ndi sopo. Ndiye kuti sopo woyamba amene mayi apaka sachapa kanthu. Angolipira msonkho kwa madziwo, ndipo wotsatira ndiye ayamba ntchito. Pabanja la ana asanu, lochapa mayunifolomu ndi matewera sabata ndi sabata, msonkho umenewu pakutha pa mwezi suli waung'ono. Amuna ena akalipira akazi awo kuti aononga sopo, osadziwa kuti mlandu uli m'ndowa.

Zonanda zija zitsalira mu ulusi wa nsalu. Malaya oyera ayamba kutuwa, thaulo liuma gwa ngati chikopa chosafufuta, ndipo tewera louma motere lingathe kukwecha khungu la khanda. Pathupi napo zitsalira. Munthu asamba koma atuluka m'bafa atatuwa, khungu likuyabwa pang'ono, tsitsi litauma losapesa bwino. Chodabwitsa nchakuti wozolowera madzi otere akasamba madzi ofewa adandaulanso, nati sopo sachoka pathupi chifukwa khungu literera.

Chachiwiri ndi ketulo. Madzi akawira, mpweya uja unathandiza kusungunula mwala uthawa, ndipo njereza ibwerera kukhala mwala, nikangamira pamene patentha kwambiri. Mwala sudutsitsa moto msanga ngati chitsulo. Ketulo yokhala ndi nkhoko zochindikala ichedwa kuwira, nidya makala ambiri pambaula. Ya magetsi idya mayunitsi, ndipo kachitsulo kake kotenthetsa madzi kangathe kupsa nthawi yake isanakwane. Chimodzimodzi giza, simbi ya magetsi yothira madzi, ndi timabowo ta shawa timene titsekeka mpaka madzi ayamba kutuluka mopotoka. Pakamwa pa mpopi wodontha pamera zoyera zolimba, ndipo matambula ouma okha padzuwa atsala ndi mawanga.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri sadziwa. Njereza ina ituluka powiritsa, koma ina, imene igwirana ndi mchere wa mitundu ina, siituluka ngakhale madziwo atawira tsiku lonse. Chotero pali madzi amene afewa akaphitsidwa, ndi ena amene akhala chimodzimodzi. Mayi amene aona kuti madzi ophitsa achita thovu bwino kuposa ozizira a m'chitsime chomwecho wapeza yekha mtundu wa madzi ake.

Chachitatu ndi nyemba. Kashiamu alimbitsa khungu la nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama, kotero kuti zichedwa kupsa. Koma pano madzi asasenzetsedwe mlandu wonse. Nyemba zogonera, zosungidwa miyezi yambiri pamalo otentha, zilimba zokha ngakhale m'madzi a mvula, ndipo tomato wothiridwa nyemba zisanafewe azilimbitsanso. Tiyi naye asintha: aderapo, fungo lake lichepa, ndipo pamwamba pake payandama kachikopa kopyapyala. Mlendo uja sananame ponena za tiyi.

Zothandiza

Njira yosalira ndalama ndiyo kukinga madzi a mvula. Nyumba zambiri za m'makomo a Blantyre ndi za malata, ndipo kuyambira Novembala kufikira Malichi denga limodzi litaya migolo yambirimbiri pansi. Mvula yoyamba ilekedwe itsuke fumbi ndi zitosi za mbalame, kenaka mgolo utcheredwe. Uvundikiridwe bwino chifukwa cha udzudzu, ndiponso chifukwa cha ana aang'ono amene angagweremo. Madzi amenewa ndi abwino koposa pochapira, potsuka tsitsi, poviika nyemba ndi pothira m'simbi. Ofuna kuwamwa ayenera kuwawiritsa kapena kuwathira mankhwala poyamba.

M'chilimwe, sopo wa ufa athandiza kuposa wa mtanda. Iye sapangidwa monga sopo wakale, ndipo sagwirana ndi kashiamu mofanana; anafala padziko itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mtengo wake pogula uoneka wokwera, koma kumene madzi ali odya sopo kwambiri, mayi awerenge bwino kuti mitanda ingati itha pa mwezi asanaganize kuti waufa ngwodula. Kulinso soda wochapira, wosiyana ndi soda wophikira, amene akathiridwa pang'ono m'ndowa agwetsa njereza pansi sopo asanalowe. Agogo a kumidzi anadziwa njira yofanana nayo kalekale. Madzi otcheza m'phulusa la nkhuni, monga achitira pokonza chidulo, afewetsa madzi ochapira. Koma madzi a phulusa aluma m'manja akachuluka, ndipo sali akumwa.

Ketulo itsukidwa ndi chinthu chowawasa. Madzi a mandimu awiri kapena atatu, kapena vinega wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, aphitsidwe m'ketulomo ndi kusiyidwa usiku wonse. M'mawa nkhoko zipezeka zitafewa, ndipo zichoka potsukuluza. Bwemba nayenso agwira ntchito yomweyi kumene mandimu asowa. Kupala ndi mpeni nkulakwa, pakuti kuboola ketulo yopyapyala ndi kuononga kachitsulo ka magetsi. Kutsuka kamodzi pa mwezi umodzi kapena iwiri nkwapafupi kuposa kulimbana ndi nkhoko za chaka chonse. Mutu wa shawa umasulidwe ndi kuviikidwa m'madzi omwewo.

Nyemba ziviikidwe madzulo kuti zigone m'madzi. Ambiri athira soda kapena chidulo kuti zipse msanga, ndipo zipsadi. Koma soda wambiri aononga vitamini B1 amene ali mu nyembazo, chotero kuviika ndiko kwabwino koposa, ndipo soda akhale wa kunsonga ya supuni pokhapokha ngati zakanika.

Mizinda ina ya kunja ichotsa njereza madzi asanafike m'nyumba. Njira yake inapezedwa ndi Thomas Clark, mphunzitsi wa sayansi ku Aberdeen m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1841, ndipo njodabwitsa pakuti athira njereza yootcha m'madzi kuti igwetse njereza inzake. Koma si mizinda yonse ichita zimenezi. Madzi a mumzinda wa London ali m'gulu la odya sopo kwambiri chifukwa dziko la kumeneko lili pamwamba pa choko, ndipo eni ake atsuka maketulo awo ndi vinega monga achitira a ku Machinjiri.

Zina Zimene Anthu Asokoneza ndi Njereza

Mpopi ukakhala wouma tsiku lonse, madzi pobwera atuluka oyera ngati mkaka. Ambiri aopa nati mankhwala achuluka. Kawirikawiri umenewu ndi mpweya chabe umene unalowa m'mapaipi. Madziwo atungidwe m'tambula ndi kuikidwa patebulo: ngati ayamba kuyera kuchokera pansi kunka pamwamba m'mphindi ziwiri kapena zitatu, unali mpweya. Fungo la klorini nalo si njereza. Ndi chizindikiro chakuti mankhwala opha tizirombo afika mpaka kumpopi, ndipo lichepa madzi akakhala kanthawi m'ndowa yoyera.

Madzi a m'mijigo ina atuluka oyera koma akakhala pang'ono afiira, nadetsa nsalu ndi nsima. Chimenechi ndi chitsulo, chochokera m'nthaka kapena m'mapaipi a dzimbiri. Sichikondweretsa maso, koma madziwo akasiyidwa kuti adikhe, zofiirazo zitsikira pansi. Madzi ovunduka a pampopi m'nyengo ya mvula, kapena paipi itaphulika pafupi, ndi nkhani ina: pamenepo dothi lalowa, ndipo polowa dothi palowanso matenda. Otere awiritsidwe, ndipo paipi yophulika inenedwe msanga kwa eni madzi.

Mchere weniweni womveka pa lilime upezeka m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa. Kuwiritsa sikuuchotsa, kungouonjezera, pakuti madzi athawa ndi nthunzi koma mchere utsala. Palinso chinthu china chotchedwa fulorayidi, chimene chipezeka m'zitsime zina za ku Balaka, Machinga, Nsanje ndi Karonga. Chikachepa chilimbitsa mano, koma chikapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, amene ndi malire oikidwa ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mano a ana amera ndi mawanga ofiirira osachoka. Ichi sichimveka pa lilime, sichioneka m'ketulo, ndipo sichichoka powiritsa. Mphunzitsi akaona kuti ana ambiri a mudzi umodzi ali ndi mano otere, adziwitse mlangizi wa zaumoyo kapena ofesi ya zamadzi ya paboma kuti madziwo akayesedwe. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi miyeso yake, wina wa madzi a m'mipopi wotchedwa MS 214, wina wa mijigo ndi zitsime wotchedwa MS 733.

Kodi Madzi Odya Sopo Adwalitsa?

Ayi. Bungwe la WHO silinaike malire a zaumoyo pa njereza ya m'madzi akumwa, chifukwa muyeso umene upezeka m'madzi suvulaza munthu. Kashiamu ndi yemweyo amene ali mu mkaka, m'matemba ndi mu usipa wodyedwa ndi minga yomwe, ndipo ndiye amanga mafupa ndi mano. Ena aganiza kuti monga njereza ikangamira m'ketulo, ikangamiranso m'mimba ndi mu impso. M'mimba mwa munthu muli madzi owawasa kuposa mandimu, amene asungunula zimenezi mosavuta. Kunena za timiyala ta mu impso, madokotala achenjeza kwambiri za kumwa madzi ochepa, makamaka kwa ogwira ntchito padzuwa. Munthu amene achepetsa kumwa poopa zoyera za m'ketulo adziputira yekha vuto limene alithawa.

Choopsa chenicheni chili m'madzi aja okoma. Timitsinje ta mu Blantyre tidutsa pakati pa nyumba zothithikana, m'munsi mwa zimbudzi, misika ndi mafakitale. M'chilimwe madzi a m'kachitsime kokumba mumchenga wa Nasolo angaoneke oyera, ozizira, ochita thovu bwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1854, pamene kolera inabuka m'dera lina la London, dokotala John Snow anatsata imfa zonse nazipeza kuti zichokera pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Mayi wina wamasiye amene ankakhala kutali ndi malowo anamwalira nayenso, chifukwa ankatumiza ngolo kukamtengera madzi a pamjigo womwewo, poti ndiwo ankamkomera.

Blantyre waona zotere ndi maso ake. Kuyambira chaka cha 2011, chipatala cha Queen Elizabeth Central chinayamba kulandira odwala taifodi ochuluka kuposa kale, ndipo tizirombo take tinali tosamva mankhwala amene ankagwira ntchito poyamba. Nchifukwa chake mu 2018 katemera watsopano wa taifodi anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa pa ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Zotsatira zinaonetsa kuti ateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu Meyi 2023 Boma linampereka kwa ana a m'dziko lonse. Kolera nayo inabuka mu Malichi 2022, utangopita mkuntho wa Ana, nipha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Matenda awiri onsewa ayenda m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi. Palibe limodzi mwa iwo limene lichokera mu njereza.

Chotero banja limene lili ndi mjigo wodya sopo ndi mtsinje wofewa pafupi ligawe ntchito. Akumwa, ophikira, otsukira mbale ndi otsukira m'kamwa achokere ku mpopi kapena ku mjigo. Mpopi ukauma ndipo palibe kwina kotunga, madzi awiritsidwe mpaka kubwadamuka, kapena athiridwe klorini wopatsidwa ndi alangizi a zaumoyo, kapena WaterGuard, potsata muyeso wolembedwa pabotolo. Powiritsa, pansi pa poto pangatsale tizoyera tonga ufa. Tisaopetse munthu, madziwo akhuthulidwe pang'onopang'ono m'ndowa yovundikira, tizoyerato titsale, ndipo potunga pakhale chikho chimodzi chokhala ndi chogwirira chosaikidwa pansi.

Kwa Aphunzitsi

Phunziro ili lingathe kuonetsedwa m'kalasi popanda zipangizo zogula. Pafunika mabotolo anayi oonekera m'kati, ofanana kukula ndiponso okhala ndi zitsekero. M'loyamba muthiridwe madzi a mvula, m'lachiwiri a pamjigo kapena pampopi, m'lachitatu a pamjigo womwewo koma owiritsa ndi kuziziritsa, m'lachinayi a mumtsinje, onse kulekeza theka. Sopo wa mtanda apalidwe ndi kusungunulidwa m'kapu ya madzi a mvula. Wa ufa sayenera pa ntchito imeneyi, pakuti achita thovu paliponse. Mwana mmodzi adonthetse madontho asanu m'botolo lililonse, wina akhutchumule kakhumi, ndipo wachitatu ayese kutalika kwa thovu ndi rula. Botolo limene likana thovu lionjezeredwe madontho asanuasanu mpaka thovu likhale osaphwa kwa mphindi imodzi, ndipo chiwerengero cha madontho chilembedwe pabolodi. Kuyesa kwa mtundu umenewu ndi komwe Thomas Clark anayambitsa, ndipo oyesa madzi anakugwiritsa ntchito zaka zambiri.

Ana ochokera m'midzi yosiyana angathe kubweretsa madzi a m'mijigo yakwawo, botolo lililonse litalembedwa dzina la mudzi. Kuyesaku kuchitike kawiri, mu Febuluwale ndi mu Okutobala, pakuti zitsime zosaya zisintha ndi nyengo. Mabotolo a madzi a mumtsinje akhuthulidwe kutali pakutha pa phunziro, ndipo ana asambe m'manja asanapite kukadya phala.